Sitima zankhondo pa mtsinje wa Shire ndi pa Nyanja ya Malawi

Sitima zankhondo pa mtsinje wa Shire ndi pa Nyanja ya Malawi ndi sitima ndi maboti okhala ndi zida amene maboma osiyanasiyana akhala akuika pamadzi amenewa kuyambira chaka cha 1890. Dziko la Malawi lilibe gombe la nyanja yamchere, komabe mayiko a Britain, Germany ndi Portugal adabweretsamo sitima zawo, ndipo boma la Malawi lili ndi asilikali apamadzi ku Monkey Bay m'boma la Mangochi. Nkhondo zenizeni zapamadzi zakhala zowerengeka. Ntchito yaikulu ya sitimazi yakhala kuonekera: kuopseza mdani, kulimbitsa mtima bwenzi, ndi kusonyeza kuti madziwo ali m'manja mwa yani.

Ukazembe wapamadzi

Ukazembe wapamadzi ndi kugwiritsa ntchito sitima za boma pokambirana ndi mayiko ena popanda kulengeza nkhondo. Dziko limaika sitima zake kutali ndi kwawo, pafupi ndi kumene likuyembekezera vuto, kuti zisamachite kuchokera patali zinthu zikavuta. Sitima zina zimanyamula asilikali ophunzitsidwa kutsikira pagombe ndi kumenya nkhondo pamtunda. Sitima imasiyana ndi gulu la asilikali apamtunda chifukwa imatha kufika, kukocheza masiku angapo ndi kuchoka osalanda malo a munthu. N'chifukwa chake maboma amaikonda akafuna kunena mawu olimba koma osatseka khomo la zokambirana.

Ntchitoyi ili ndi mbali ziwiri. Mbali ina ndi yoopseza, imene Angerezi amaitcha gunboat diplomacy. Ina ndi yothandizana: kuphunzitsa asilikali a dziko lina, kulipatsa maboti, kulondera madzi limodzi ndi kupulumutsa anthu pangozi. Chitsanzo cha masiku ano ndi Africa Partnership Station, ndondomeko imene asilikali apamadzi a United States adayamba mu 2007 kumadzulo kwa Africa. Mbali ziwirizi sizitalikirana kwenikweni, ndipo mbiri ya Shire ikusonyeza sitima imodzi ikugwira zonse ziwiri.

Njira ya madzi

Kale munthu wochokera kunyanja yamchere ya India ankalowa mu Zambezi, n'kukhotera mu Shire mpaka cha ku Chikwawa. Pamenepo sitima imaima chifukwa cha mathithi a Kapichira, Mpatamanga, Tedzani, Nkula ndi Kholombidzo. Kuyambira pa Matope mtsinje umayendekanso, kudutsa pa Liwonde, nyanja ya Malombe ndi Mangochi mpaka kulowa m'Nyanja ya Malawi, imene ndi yotalika makilomita oposa 550. Chigawo cha mtsinje cha pakati pa Matope ndi Malombe ndicho chimadutsa m'maboma a Balaka ndi Machinga, kum'mawa kwa Nkaya.

Choncho sitima iliyonse imene idayenda panyanjayi m'zaka zimenezo idabwera zidutswazidutswa, ndipo pamathithi idasenzedwa pamutu. Ilala yoyamba, ya amishoni a Livingstonia, idasenzedwa ndi amuna mazanamazana mu 1875. Woitsogolera adali E.D. Young, msilikali wapamadzi wa Britain. David Livingstone adali atanena kale kuti sitima imodzi yokha panyanjayi ikhoza kudula malonda a akapolo, ndipo adagula Lady Nyassa ndi ndalama zake, koma sitimayo sidafike panyanja.

Angerezi ndi Apwitikizi, 1889 mpaka 1891

Apwitikizi ndiwo ankalamulira gombe la Mozambique, ndipo katundu wa amishoni ndi amalonda a ku Blantyre ankadzera padoko lawo la Quelimane, kumene ankadula msonkho. Mu 1889 Daniel Rankin adapeza kuti mathiriro a Zambezi a pa Chinde ndi akuya mokwanira kulowa sitima yochokera kunyanja yaikulu. Chaka chomwecho Harry Johnston adalowera pomwepo pa sitima yankhondo ya HMS Stork. Uku kudali kuuza Apwitikizi kuti Britain ikuona Zambezi ngati msewu wa aliyense.

Kumapeto kwa 1889 gulu la asilikali la Serpa Pinto lidamenyana ndi Amakololo cha ku mtsinje wa Ruo. Pa 11 Januwale 1890 Lord Salisbury, nduna yaikulu ya Britain, adalamula Portugal kuchotsa asilikali ake m'dera la Shire, sitima zankhondo za Britain zili chire ku Zanzibar ndi ku Gibraltar. Portugal idagonja popanda kuombedwa mfuti. Chaka chomwecho Britain idaika HMS Herald ndi HMS Mosquito pa Zambezi ndi kumunsi kwa Shire. Izi zidali sitima zazing'ono zoyendera gudumu lakumbuyo, zotha kuyenda pamadzi osaya. Pangano la pa 11 Juni 1891 lidalemba malire, lidalola sitima za mayiko onse kuyenda pa Zambezi ndi Shire, ndipo Britain idabwereka malo pa Chinde kwa zaka 99.

Pangano lina, la Britain ndi Germany la pa 1 Julayi 1890, lotchedwa la Heligoland, lidaika malire a dziko la Majeremani pagombe la kum'mawa kwa nyanja, osati pakati pa madzi. Mawu amenewo ndiwo phata la mkangano wa Malawi ndi Tanzania mpaka lero.

Makanjira ndi Liwonde

Atathana ndi Apwitikizi, Johnston adatembenukira kwa mafumu Achiyawo ndi amalonda Achiswahili. Mfumu Makanjira, ya kugombe la kum'mawa, idali ndi zombo zamatanga zowolotsa minyanga ndi akapolo. Boma latsopanolo lidalibe sitima yakeyake panyanja, ndiye linkabwereka Domira, sitima yamalonda ya kampani ya African Lakes. Mu Disembala 1891 Kaputeni Cecil Maguire, mkulu wa asilikali ochokera ku India, adapita pa Domira kukawononga zombo za Makanjira ndipo adaphedwa komweko. Imfayi idasonyeza kuti sitima yamalonda yoikidwa mfuti si sitima yankhondo, ndipo Britain idatumiza zitatu zenizeni: Pioneer ndi Adventure zapanyanja, ndi Dove yapa Shire wakumtunda. Zidayamba ntchito mu 1893.

Zisanathe kulumikizidwa, nkhondo idabuka pa Shire penipeni. Mu Febuluwale 1893 Johnston adalimbana ndi mfumu Liwonde, amene Angerezi ankati anthu ake akugwira anthu n'kuwagulitsa. Asilikali a Johnston adali ochepa ndipo zinthu zidawathina. Thandizo lidachokera kuwiri. Amalinyero a Herald ndi Mosquito adasiya sitima zawo kumunsi kwa mathithi n'kuyenda pansi kudzamenya nkhondo pamtunda. Enanso adali Majeremani a von Eltz, amene pa nthawiyo ankalumikiza sitima yawo ya Hermann von Wissmann pa Mpimbi, m'mbali mwa Shire yemweyo. Liwonde adagonja, Angerezi adamanga linga la Fort Liwonde, ndipo amalinyerowo adalandira mendulo yolembedwa dzina loti Liwondi.

Nkhondo yaing'onoyi ili ndi zonse zimene akatswiri a masiku ano amalemba m'mabuku: sitima zoikidwiratu pafupi, amalinyero otsikira kumtunda, ndi mayiko awiri opikisana akuthandizana. Koma nkhani yake yambiri idalembedwa ndi Johnston mwini, munthu amene ankafuna kuti ku London amuonjezere ndalama ndi zida. N'zoona kuti malonda a akapolo adali ankhanza ndipo sitimazi zidathandiza kuwathetsa. N'zoonanso kuti mizinga yomweyo idagumula midzi ya m'mbali mwa madzi, ndipo pambuyo pa sitima padabwera msonkho wanyumba. Kwa mfumu ya pa Shire, kusiyana kwa kuthetsa ukapolo ndi kulanda dziko sikunkaoneka.

Kumapeto kwa 1893 Pioneer ndi Adventure zidatsitsa asilikali kwa Makanjira, ndipo padamangidwa Fort Maguire. Mu Disembala 1895 Johnston adapita ku Karonga kukagonjetsa Mlozi, ndipo ena mwa asilikali ake adakwera Hermann von Wissmann, sitima ya Majeremani ija.

Nkhondo ya 1914

Ubwenzi umenewu udatha zaka 20. Mu 1899 Angerezi adaika pamadzi Guendolen, sitima yaikulu kuposa zoyamba zija, imene idalumikizidwa ku Fort Johnston, komwe lero ndi Mangochi. Dzinali lidali la mwana wamkazi wa Lord Salisbury. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itayamba, Kaputeni Edmund Rhoades adalamulidwa kukasaka Hermann von Wissmann. Pakati pa Ogasiti 1914 adaipeza itakokeredwa kumtunda kuti ikonzedwe pa Sphinxhaven, malo amene lero ndi Liuli ku Tanzania, ndipo adaiomba ndi mzinga. Kaputeni wa Majeremani, Berndt, adali mnzake wa Rhoades womwa naye limodzi, ndipo sadadziwe kuti kunja kuli nkhondo. Nkhani imene imakambidwa ndi yoti adapalasa bwato kudzafunsa ngati mnzakeyo waledzera, ndipo adagwidwa pomwepo. Kumenyanaku kumawerengedwa m'gulu la zoyambirira zapamadzi pankhondo yonseyo.

Anthu amaikamba moseka, koma zotsatira zake sizidali zoseketsa. Nyanja yonse idatsala m'manja mwa Angerezi, motero adatha kutumiza asilikali a King's African Rifles ku Karonga msanga, kumene adabweza Majeremani pa 9 Seputembala 1914. Mu Meyi 1915 adabwereranso ku Sphinxhaven, ulendo uno n'kutsitsa asilikali pagombe, ndipo adaiwonongeratu sitimayo. Ngakhale Chauncy Maples, sitima ya amishoni a UMCA, idatengedwa kuti izinyamula asilikali. Katundu akatsika pagombe ankasenzedwa ndi amtengatenga, amuna a Nyasaland amene ambiri adafa ndi njala ndi matenda. Mzinga wa Guendolen ulipobe ku Mangochi, pafupi ndi nsanja ya wotchi ya Mfumukazi Victoria.

Kamuzu ndi maboti a Apwitikizi

Mu 1954 Britain ndi Portugal zidagwirizana kusuntha malire a Nyasaland ndi Mozambique kuchoka pagombe kupita pakati pa nyanja, zilumba za Likoma ndi Chizumulu n'kutsalabe za Nyasaland. Portugal idapeza madzi akeake, ndipo FRELIMO itayamba nkhondo yomenyera ufulu mu Seputembala 1964, Apwitikizi adakhazikitsa malo a asilikali apamadzi ku Metangula. Maboti awo ankachokera kugombe la nyanja yamchere pa njanji, kenako pa magalimoto akuluakulu mpaka kunyanja. Ankalondera gombe la Niassa ndi kutsitsa asilikali awo otchedwa fuzileiros kuti atseke njira za omenyera ufulu ochokera ku Tanzania.

Malawi idalandira ufulu mu 1964, koma katundu wake wambiri ankadzera ku Mozambique. Dr Hastings Kamuzu Banda adasankha kugwirizana ndi Apwitikizi, ndipo mkhalapakati wake adali Jorge Jardim, wamalonda wa ku Beira. Ubale ndi Tanzania udali woipa: nduna zina zimene zidathawa pa mkangano wa 1964 zidali ku Dar es Salaam, mu 1967 Tanzania idalengeza kuti malire ali pakati pa nyanja, ndipo mu 1968 Banda adayankha kuti ngakhale madera ena a tsidya la Songwe ndi a Malawi. Chaka chomwecho Portugal idapereka boti lankhondo la Castor, limene lidapatsidwa dzina loti John Chilembwe. Lachiwiri, Régulus, lidabwera mu 1970 n'kutchedwa Chibisa. Mabotiwa adali ku Nkhata Bay m'manja mwa a Malawi Young Pioneers, ophunzitsidwa ndi asilikali Achipwitikizi. Nkovuta kusadabwa kuti dzina la munthu amene adafa polimbana ndi atsamunda mu 1915 lidalembedwa paboti lochokera kwa atsamunda ena.

Aliyense adapezapo chake. Banda adapeza chooneka panyanja choyankhira Julius Nyerere. Apwitikizi adapeza maso kugombe la kumadzulo, kumene maboti awo sakadaloledwa kufika ndi mbendera yawo. Mphatso ya boti lankhondo nthawi zambiri imabwera ndi mphunzitsi, makaniko ndi zipangizo zosinthira, ndipo wolandirayo amadalira woperekayo zaka zambiri. Ubalewu udatha Portugal itachoka mu Mozambique mu 1975. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 mabotiwo adapita m'manja mwa Malawi Army, likulu lake n'kukhala ku Monkey Bay. Pambuyo pake padabwera Chikala, lopangidwa ku France, ndi Kaning'a, lochokera ku South Africa mu 1988.

Nkaya ndi njira ya ku Nacala

Pofika nthawi imeneyi njira ya kunyanja yamchere sidalinso Shire koma njanji. Nkaya, m'boma la Balaka, ndi mphambano pamene njanji ya ku Nacala imapatukira pa njanji yochokera ku Blantyre kupita ku Salima. Chigawo cha Nkaya mpaka Nayuchi, cha makilomita pafupifupi 100, chidatsegulidwa mu 1970 ndi ngongole yochokera ku South Africa. Chimawoloka Shire pa Liwonde, dera lomwe lija amalinyero a Mosquito adamenyako nkhondo, n'kudutsa m'boma la Machinga mpaka kumalire.

Njanjiyi ndiyo idachititsa mgwirizano waukulu wa zachitetezo pakati pa Malawi ndi Mozambique, ngakhale kuti udali wapamtunda. RENAMO idatseka njira ya ku Beira ndi ya ku Nacala kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo katundu wa Malawi adayamba kuzungulira mpaka ku Durban pamtengo wokwera kwambiri. Mu Seputembala 1986 Samora Machel adadzudzula Malawi kuti ikusunga RENAMO, ndipo adaopseza kutseka malire ndi kuikapo mizinga. Machel adafa pangozi ya ndege pa 19 Okutobala, ndipo mu Disembala mayiko awiriwa adasainirana pangano. Kuyambira 1987 asilikali a Malawi ankalondera njanji ya ku Nacala m'kati mwa Mozambique, ena n'kufera komweko, mpaka nkhondo idatha ndi pangano la ku Rome la pa 4 Okutobala 1992.

Kuyesa kutsegulanso njira ya mtsinje kudalephera. Mu Okutobala 2010 Bingu wa Mutharika adatsegula doko la Nsanje, koma boti lonyamula feteleza limene linkayenera kufika pamwambowo lidagwidwa ndi akuluakulu a Mozambique pa Marromeu, ponena kuti padalibe chilolezo ndi kafukufuku wa zachilengedwe. Mu 1890 Zambezi idatsegulidwa ndi sitima ziwiri zamizinga. Mu 2010 dziko lopanda gombe lidalibe njira ina koma kupempha mwini mtsinje.

Mkangano wa malire ndi Tanzania

Mkangano wa 1967 udagona zaka zambiri, n'kudzuka pamene Malawi idapereka chilolezo chofufuza mafuta panyanja kwa kampani ya Surestream Petroleum mu 2011. Mu 2012 Tanzania idati kafukufukuyo aime. Malawi imatsamira pa pangano la 1890 ndi chigamulo cha OAU cha ku Cairo cha 1964 choti mayiko asunge malire amene adawapeza polandira ufulu. Tanzania imati mwambo wa malamulo a mayiko ndi woti nyanja ya pamalire igawidwe pakati, ndipo anthu ake a ku Mbamba Bay ndi Kyela sangakhale alendo pamadzi amene amamwa ndi kuwedzamo. Zokambirana za ku Mzuzu mu Ogasiti 2012 sizidaphule kanthu. Nkhaniyi idaperekedwa kwa atsogoleri opuma, Joaquim Chissano, Thabo Mbeki ndi Festus Mogae, koma zokambiranazo zidaima mu 2014.

M'kati mwa mkanganowu, mu 2013, boma la Joyce Banda lidagula maboti othamanga 7 okhala ndi zida ku kampani ya Paramount ya ku South Africa. Maboti 7 sangatchinjirize nyanja yotalika chotere pankhondo, ndipo palibe mbali imene idaombapo inzake. Phindu lake ndi lina. Pamilandu ya malire, makhothi a mayiko amayamba ndi mawu a pangano, koma amayang'ananso dziko limene lakhala likugwiradi ntchito za boma pamalopo. Boti lolondera, logwira ozembetsa katundu kapena lopulumutsa asodzi limakhala ngati umboni woyenda pamadzi.

Masiku ano

Gulu la ku Monkey Bay tsopano limatchedwa Malawi Maritime Force, ndipo ndi nthambi ya Malawi Defence Force. Amalawi ambiri amaliona pa nthawi ya madzi osefukira, monga mu Januwale 2015 ndi pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pamene maboti a asilikali ankachotsa anthu m'mitengo ndi pazitunda ku Nsanje ndi Chikwawa. Mayiko akutali nawo amagwiritsa ntchito ngozi zotere pomanga ubale: namondwe wa Idai atakantha Beira mu Malichi 2019, sitima zitatu za asilikali apamadzi a India zimene zidali pafupi zidapatukira padokolo kukathandiza.

Pa Nkaya padalumikizidwanso njanji ina yochokera ku Moatize m'chigawo cha Tete, yomangidwa ndi kampani ya Vale, ndipo njira yonse ya makilomita 912 idatsegulidwa mwalamulo mu 2017. Sitima zamalasha zimadutsa kupita kum'mawa, pamene mafuta, feteleza ndi tirigu zimabwera kuchokera ku Nacala. Katundu ameneyu asanafike padoko amadutsa panyanja ya pakati pa Mozambique ndi Madagascar, imene Malawi ilibe boti loilondera. Achifwamba apanyanja a ku Somalia atagwira sitima yausodzi ya Vega 5 kufupi ndi gombe la Mozambique mu Disembala 2010, South Africa idayamba ntchito ya Operation Copper mu 2011, sitima zake zankhondo zikumakocheza ku Pemba, ndipo mu 2012 idasainirana pangano lolondera limodzi ndi Mozambique ndi Tanzania. Zigawenga za ku Cabo Delgado zidalanda doko la Mocímboa da Praia mu Ogasiti 2020, ndipo lidalanditsidwa patatha chaka ndi asilikali a Mozambique ndi Rwanda. Bungwe la SADC lidatumiza gulu lake la SAMIM mu Julayi 2021, ndipo South Africa idaikamo sitima ya SAS Makhanda yolondera gombe. Gululi lidachoka ku Mozambique mu Julayi 2024, nkhondo ya ku Cabo Delgado isanathe.